Galafu Imene Inatsuka Dzina la Bambo Tegegne

Uthenga woipa unafika kawiri m'nyumba ya bambo Tegegne m'sabata imodzi. Lachiwiri kunatuluka zotsatira za mayeso a giredi 12, ndipo mwana wawo wamkazi, Yeshareg, anali atalephera kachiwiri. Lachisanu kunabwera kalata yochokera ku ofesi yathu ya kafukufuku wa zaulimi m'tauni ya Debre Markos.

Kalata imeneyo ndikuidziwa bwino chifukwa chidindo ndinadinda ndine. Ndinali kalaliki pa ofesipo, wosunga makiyi ndi mafayilo. Inali kalata ya mizere isanu yokha. Inkati manambala amene a Tegegne akhala akutumiza ndi opeka, choncho ntchito yawo yatha. Inkatinso mwezi wa Sene, umene mvula imayamba kwathu kuno, ukamatha, zonse zimene analemba zidzafufutidwa m'kompyuta ndipo makope awo adzatayidwa.

Kwa zaka 19 bamboyu ankayang'anira kasiteshoni ka zanyengo m'mudzi wa kwawo, kumtunda kwa mtsinje wa Chemoga. Kasanu pa tsiku ankatsekula kabokosi koyera ka miyendo inayi, n'kuwerenga choyezera kutentha, n'kulemba. Alimi a balere ndi kachewere ankawafunsa za chisanu asanadzale. Koma pofika Lamlungu mudzi wonse unali utamva kuti a Tegegne ankalemba manambala ali gone m'nyumba.

Iwo sanakangane ndi munthu. Anangosiya kucheza ndi amuna anzawo pabwalo la tchalitchi. Mapemphero akatha ankafunda nsalu yawo ya thonje, ulendo wa kunyumba.

"Ababa, bwanji osapita kukawafunsa anthu amenewa?" anatero Yeshareg.

"Ndikafunse chiyani, mwanawe? Iwo ndi ophunzira. Ine ndinalemba zimene ndinaona."

Patatha mwezi Yeshareg anabwera m'tauni kudzafuna ntchito. Anazungulira masitolo ndi mahotela mpaka nsapato kutha chidendene, ndipo malo okhawo amene anapezeka anali okolopa ndi kuphika khofi pa ofesi yathu yomweyo. Nditaona dzina pa pepala lake, nkhope yanga inagwa.

"Ndiwe mwana wa a Tegegne a ku siteshoni?"

"Eya."

"Ndiye ukufuna uzikolopa muno? Muno momwemuno?"

"Chikolopa sichinandifunse dzina la bambo anga, akalaliki. Ndiyambe liti?"

M'chipinda cha kumapeto munkakhala Admasu, katswiri wathu wa makompyuta, munthu wa imvi zake, wosabisa mawu ndiponso womwa khofi ngati alibe mawa. Tsiku lina Yeshareg akupukuta zenera anaona Admasu akulemba timizere tingapo, n'kudina batani. Nthawi yomweyo pagalasi pa kompyuta panatuluka mzere wokwera ndi kutsika, wosonyeza mvula ya chaka chonse.

"Gashe, chithunzicho mwajambula ndi chiyani?" anafunsa Yeshareg, pomuitana mwaulemu monga timaitanira amuna akuluakulu kwathu.

"Ndi mawu. Imeneyi ndi galafu. Ndimailembera kompyutayi m'chilankhulo chimene imamva, cha Python, kuti tenga manambala awa undijambulire."

"Manambala alionse?"

"Ngakhale a nsabwe za m'mutu mwako, bola uziwerenge kaye."

"Ndiye ndiphunzitseni."

Admasu anaseka mpaka kutsokomola. "Masamu unakhoza?"

"Ndinalephera."

"Chingerezi?"

"Nachonso."

"Ndiye wafika pamalo pake. Kompyuta sifunsa satifiketi, imatukwana aliyense mofanana. Ngakhale Dokotala, bwana wathu, imawatukwana."

Anamulozera kompyuta yakale ya pakona, imene inkalira ngati chigayo ikamayaka. Anati aziigwiritsa ntchito pa nthawi ya chakudya chamasana, ena onse akapita kukadya. Yeshareg sanamuuze chifukwa chake ankafuna kuphunzira, koma Admasu sanali mwana.

Ndisakunamizeni, inu amene mukuwerenga izi. Mtsikanayu sanali wanzeru zobisika zimene aphunzitsi analephera kuziona. Zinthu zinkamuvuta kwenikweni. Sabata yoyamba inatha asanalembe mzere umodzi umene kompyuta inavomera. Akaiwala kachizindikiro kamodzi, zilembo zofiira mbwee. Akayamba mzere atasiya mpata wochuluka, zofiiranso. Ena a ife tinkasuzumira pakhomo n'kumaseka kuti chikolopa chayamba kulemba mapulogalamu, ndipo ine ndinali m'gulu la osekawo.

"Gashe, yakwiyanso."

"Imeneyo si apongozi ako kuti uziiopa. Ikalankhula zofiira, werenga mzere womalizawo. Pamenepo ndi pamene ikukuuza chimene walakwitsa. Zapamwambazo ndi phokoso chabe."

Yeshareg anagula kope. Uthenga wofiira uliwonse ankaukopera tsamba la kumanzere, kumanja n'kulemba m'Chiamhara tanthauzo lake ndi mmene anaukonzera. Magetsi akathima masana, zomwe sizinali zachilendo, ankalemba pulogalamu yake ndi pensulo m'kope momwemo kuti mawa adzangoitaipa. Injera yake, buledi wopyapyala wa kwathu, ankadya ndi dzanja lamanja, lamanzere likufufuza zilembo pa mabatani.

Galafu yake yoyamba inatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi. Manambala ake anali makapu a khofi amene aliyense wa ife ankamwa pa tsiku, poti ndiwo manambala amene anali nawo. Mzere wa Admasu unali pamwamba wokhawokha, ngati phiri la Choke.

Admasu anauyang'ana, n'kukanda pamutu. "Pansipa ndi chiyani?"

"Masiku."

"Nanga chokwerachi?"

"Makapu."

"Ndilote? Lemba. Galafu yopanda mayina m'mbali mwake ine sindiiyang'ana. Ukatha uifufute Dokotala asanaione, iwe mfiti."

Miyezi itatu inadutsa. Anaphunzira kutsekula fayilo, kusankha manambala amene akuwafuna, kujambula mizere iwiri pa galafu imodzi. Kenako tsiku lina anaika khofi patebulo pa Admasu ndipo sanachoke.

"Ndikufuna fayilo ya bambo anga."

"Yeshi, nanga ukapezamo zimene sukuzifuna?"

"Ndidziwe basi."

Anajambula mizere iwiri ya kutentha kwa tsiku, wa bambo ake ndi wa siteshoni ina ya kutsidya kwa chigwa. Zaka zisanu ndi zitatu zoyambirira mizereyo inkayenda limodzi: kuzizira m'bandakucha, kutentha masana. Koma kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi mzere wa a Tegegne unapenga. Unkati 6 koloko m'mawa, nthawi imene udzu umakhala woyera ndi chisanu, kunkatentha madigiri 22. Unkati 12 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, kunali madigiri 7 okha. Madzulo kunalibe nambala ndi imodzi yomwe.

Yeshareg anali atalimbana miyezi yonseyi kuti atsuke dzina la bambo ake, ndipo ndi manja ake omwe anali atajambula umboni wakuti ofesi sinalakwe. Anathimitsa kompyuta n'kukatenga ndowa yake. Ndinamupeza akukolopa khonde limene anali atakolopa kale m'mawa, misozi ili chuchuchu.

Pa Pasaka anapita kumudzi. Ankalephera kuwayang'ana bambo ake m'maso. Koma anaona chinthu chimodzi chimene chinamuimitsa mutu. Kabokosi kaja kanali kokhoma, makiyi ali ku ofesi, komabe m'bandakucha a Tegegne ankadzuka n'kukaima pambali pake, n'kumayang'ana kumwamba. Dzuwa litakwera, akumwa khofi ndi alendo, anayang'ana wotchi yawo n'kusiya kapu ili theka.

"3 koloko yakwana, ndikubwera."

"Mukupita kuti, ababa? Bokosilo n'lokhoma."

"Miyendo inazolowera, mwanawe."

Munthu wopeka manambala miyendo yake ingazolowere chiyani? Funso limeneli anabwera nalo m'tauni, koma kompyuta ija sanaiyandikire kwa milungu iwiri. Anali Admasu amene anatopa nazo.

"Wasiya sukulu kachitatu?"

"Galafu ija munaiona, Gashe."

"Ndinaiona. Koma fayilo imene ndinakupatsa ija ndi yotsuka kale. Anatsuka ndani, anataya chiyani, unandifunsa? Inenso sindinafunsepo. Ilipo ina yosatsuka, mmene anaitaipira ana a sukulu amene anawalemba ganyu ku Addis Ababa. Koma ndi dzala lenileni, ukalowamo utseke mphuno."

Linalidi dzala. Mizere ina inali yopanda kanthu, pena pamalo pa nambala panali chilembo, ndipo pulogalamu inkaima pakati n'kufiira. Yeshareg anatha masiku khumi ndi awiri akuiphunzitsa kudumpha zinyalalazo. Mwezi wa Sene unali utayamba, mvula ikugwa kale. Ulendo uno sanauze kompyuta kuti ilumikize mzere. Anaiuza kuti nambala iliyonse iikepo kadontho pa ola lake, osasiyako ngakhale imodzi.

Timadontho tinadzaza pa 6, pa 9 ndi pa 12 monga kale. Koma pa 12 panali magulu awiri, lina lozizira kwambiri, lina lofunda pang'ono. Ndipo panatulukanso gulu latsopano, timadontho masauzande, pa ola la 3.

Admasu anavala magalasi. "3 koloko usiku? Zaka 11 bambo ako akudzuka pakati pa usiku tsiku ndi tsiku? Apa ndiye zaipiratu, Yeshi."

Yeshareg anayang'anitsitsa timadonthoto, kenako anatembenuka.

"3 koloko ya ndani, Gashe? Yathu kapena yachizungu?"

Kwathu kuno maola timayamba kuwawerenga dzuwa likatuluka. Pamene wotchi yachizungu ikuti 9 koloko m'mawa, ife timati 3 koloko, ndipo masana dzuwa lili paliwombo ndi 6 koloko. Funso limene Yeshareg anafunsalo timafunsana tsiku lililonse, pokwera basi, popangana za msonkhano, ngakhale pa ukwati. Ofesi yonse ya anthu ophunzira, palibe amene analifunsa pa manambala a bamboyu. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Anabwera kwa ine onse awiri, Admasu akupuma mwawefuwefu. "Akalaliki, makiyi a kosungira katundu."

Makope a a Tegegne anali m'makatoni awiri, pansi pa matayala akale, kudikira tsiku lotayidwa. Anakhala m'manja mwanga nthawi yonseyi koma sindinatsekulepo ngakhale limodzi. Zaka zisanu ndi zitatu zoyamba zinali pa mafomu a ofesi, amene maola ake anali osindikiziratu mwachizungu: 6, 9, 12, 15 ndi 18. Kenako mafomu anasiya kupita kumudziko. Bamboyu sanadandaule, sanasiyenso ntchito. Anayamba kugula makope a ana a sukulu, n'kumajambula okha mizere ndi rula, ndipo maola ankalemba monga mmene munthu aliyense wa kwathu amanenera: 12, 3, 6, 9, kenako 12 wina. Pambali ankalemba bwinobwino m'Chiamhara kuti m'mawa, masana, madzulo.

Otaipa aja analibe malo olembapo mawuwo, choncho anangotaipa manambala. Kompyuta ya ofesi, imene inauzidwa kulandira maola a pa fomu okha, inataya 3 aliyense. 12 wachiwiri inamutayanso poganiza kuti walembedwa kawiri. Zotsalazo inaziwerenga mwachizungu, masana n'kusanduka m'mawa.

"Ndikonze ndine?" anafunsa Admasu.

"Ayi, Gashe. Ndikonza ndekha."

Anauza pulogalamu kuti iwonjezere maola asanu ndi limodzi paliponse. Galafu inatuluka ikuonetsa chisanu dzuwa likulowa. Anaiwala kuti 12 woyamba ndi wa m'bandakucha, wofunika kumuchotsera osati kumuwonjezera. Zinamutengera masiku awiri kuti apeze njira yowasiyanitsira awiriwo, Admasu akudziluma milomo pampando wake. Tsiku lachitatu anadina batani, ndipo mizere iwiri ija inagona pamodzi kuyambira chaka choyamba mpaka cha 19.

Mkulu wa ofesi yathu anali Dokotala Wubalem, mayi wosaseka wamba, yemwe anasaina kalata ija. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti Sene ithe pamene Admasu anawabweretsa pakona paja.

"Walemba ndani zimenezi?"

"Ndine, Dokotala."

"Iwe wa khofi? Admasu, usandiseweretse."

"Mufunseni nokha. Ine ntchito yanga inali kumukalipira basi."

Dokotala anakoka mpando. Anamufunsa mzere uliwonse kuti ukuchita chiyani, ndipo Yeshareg ankayankha m'mawu ake osavuta. Kenako anati, "Ndionetse kutentha kwa m'bandakucha kokha, mwezi wozizira uja wa Tahsas wokha, masiteshoni onse awiri. Panopa."

Yeshareg analemba, n'kudina. Zofiira! Iye anapumira m'mwamba, n'kuwerenga mzere womaliza, n'kubwezera kachizindikiro kamene anaiwala. Galafu inatuluka, mayina ali m'mbali zonse ziwiri.

Dokotala anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsekula limodzi la makope aja n'kumafananiza tsiku ndi tsiku.

"Ndinasaina kalata ija ndisanaone galafu ndi imodzi yomwe," anatero motsitsa. "Ndinangoona pepala lonena kuti manambala ambiri akusowa ndipo otsalawo sakugwirizana. Akalaliki, konzani galimoto. Lamlungu tikupita kumudzi."

"Bwanji osangolemba kalata ina, Dokotala?" ndinatero ine, poganizira matope a msewu uja.

"Bodza lija analimva mudzi wonse. Kalata ikawerengedwa ndi anthu angati?"

Tinafika mapemphero akutha. A Tegegne anali atafunda kale nsalu yawo kuti azipita, pamene mwana wawo anawagwira dzanja. Dokotala anaima pabwalo la tchalitchi, mvula ikuwaza, n'kunena poyera kuti ofesi ndiyo inalakwa. Anati bamboyu sanapekepo nambala, ndipo m'dera lonselo mulibe siteshoni imene inalembedwa mokhulupirika chonchi. Anapepesa, n'kuwabwezera makiyi a kabokosi ndi manja awiri.

Yeshareg anali atasindikiza galafu ya zaka zonse 19 pa mapepala khumi, n'kuwalumikiza ndi selotepi. Amuna anayi anaigwira pansi pa khonde kuti isanyowe. A Tegegne anaitsatira ndi chala pang'onopang'ono, kuchokera kumanzere.

"Zonsezi ndi zanga?"

"Zanu, ababa. Kadontho kalikonse ndi ulendo umodzi wa ku bokosi."

Dokotala analoza pamalo ena chapakati, pamene mzere unaduka pang'ono. "Bambo, m'zaka zonsezi pali masiku atatu okha opanda kanthu. Ndikufuna ndilembe chifukwa chake kuti wina asadzafunsenso. Choyezera chinawonongeka?"

A Tegegne anayang'ana pamalopo, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Ayi, mayi. Apo tinkaika maliro a mayi ake a mwanayu. Ndinayesa kupita tsiku lachiwiri koma abale anandigwira. Mundikhululukire, masiku amenewo sindinalembe."

Munthu amene tinamutcha wabodza ankatipepesa ife chifukwa cha masiku atatu. Dokotala anatseka kope lawo osalembamo kanthu. Ine ndinazungulira kuseri kwa galimoto n'kukalira.

Chaka chotsatira Yeshareg analemba mayeso kachitatu ndipo anakhoza. Lero ndiye amene amayang'ana manambala a masiteshoni onse a ofesi ija, ndipo palibe kalata yoweruza munthu imene imatuluka iye asanajambule galafu yake. Kompyuta imamufiirirabe, sabata iliyonse.

Inu amene mayeso anakugwetsani, inu amene mwatsekula pulogalamu koyamba ndipo yakuyankhani ndi zilembo zofiira zokhazokha, musaithimitse n'kunena kuti zimenezi n'za anthu ena. Yeshareg anayamba alibe satifiketi, alibe kompyuta yakeyake, ali ndi ola limodzi lokha pa tsiku, ndipo galafu yake yoyamba ya bambo ake inamuswa mtima m'malo momutonthoza. Akanasiyira pamenepo, makope aja akanapita kudzala, ndipo a Tegegne akanadzafa ndi dzina la wabodza.

Mwina inunso pali munthu amene akudikira chimene mukuvutika kuphunzirachi, ngakhale iye sakudziwa. Mawa mukhalenso pampando paja, mulembenso mzere wina. Chonde, osataya mtima.